Madala Wasingano

9 Epulo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndi chisanu chanucho. Kuno tilipo. Amayi akudzuka, shopu tikutsegula, makina akulira.

Musadabwe kulandira kalata ya papepala ngati tabwerera m'nthawi ya agogo. Foni yanga ndinazimitsa. Ya kushopu Amayi anaitsekera m'dilowa ya makina a Ababa, kiyi n'kumumangirira pachingwe m'khosi mwawo. Ine ndi ukulu wonsewu ndachita kufunsa njira ya ku positi ofesi, ndipo mayi wa pakauntala wandiphunzitsa pomata sitampa uku akundiyang'ana ngati mbuli.

Nkhani ndi iyi. Mukukumbukira kakanema kamene ndinakutumizirani mu Januwale? Ababa ali pamakina, singano kumanzere, ulusi kumanja, akulasa n'kuphonya, kulasa n'kuphonya, kasanu ndi katatu konse, diso limodzi lili tsinzini, mlomo utapita pambali, mapeto ake n'kudzutsa mutu kuyang'ana kamera ngati yawabera. Telala amene kwa zaka makumi anayi ankalowetsa ulusi asakuyang'ana n'komwe, uku akukangana ndi kasitomala za mpira. Ndinaseka mpaka foni kugwedezeka. Patangotha masabata atatu tinawayika m'manda, inu mukuonerera pa foni ya amalume.

Achimwene, Ababa sanagone. Ali m'mafoni a anthu.

Lachiwiri m'basi, mtsikana amene ndinakhala naye anali kufa ndi phwete. Anandigunda ndi chigongono, amvekere, "Asisi, taonani madala awa." Ndinaona Ababa. Wina anadula kanemayo n'kuikamo kalipenga kamene kamalira nthawi iliyonse akaphonya, pamwamba n'kulembapo kuti "Ine kusaka banja." Ena alemba "Ine ndi masamu," ena "Netiweki ya kwathu." Awapatsa ndi dzina lomwe, akuti Madala Wasingano. Ndinatsika basi ndisanafike, n'kumalizitsa wapansi.

Zimenezo ndikanameza ndekha. Koma sabata yatha bambo wina wa thalauza lofuna kupinda anafunsa pa foni ya kushopu ngati latha. Amayi anayankha kuti abwere Lachisanu. Iye poyankha anatumiza sitika, nkhope ya Ababa ija, mlomo uli pambali. Sankadziwa, ndi kasitomala watsopano. Amayi anayang'ana nthawi yaitali, anapukuta galasi la foni ndi chala ngati pankhopepo pagwa fumbi, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Wapereka mwamuna wanga kwa anthu ndani?"

Kakanema kanga ndinakafufuta titangochoka kumanda, sindikanatha kukaonanso. Ndipo ndinatumiza kwa munthu mmodzi yekha padziko lonse lapansi. Ndiuzeni kuti simunali inu, ndikhulupirira.

Ndine mlongo wanu,
Kamlomo (palibenso ondiitana dzinali kuno, ndiye ndadziitana ndekha)

21 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo imatupa madzulo. Ukudya mokwanira? Jekete imene bambo ako anakusokera ukuvala, kapena ukuchita nayo manyazi pakati pa azungu?

Mlongo wako wandiuza kuti kanema wa bambo ako anajambula ndi iye, anakutumizira, ndipo kwake anafufuta. Ndiye kuti watsala ndi iwe.

Ndikumufuna. Osati wa lipenga uja, wa lipenga ndamuona kokwanira. Ndikufuna mmene anachokera kuno, wosadula, ndi mawu ake omwe. Akuti zimatheka kuika pa kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo. Ika m'envulopu, umate bwino, utumize.

Usandifunse chifukwa. Ndinakubala ndine.

Amayi ako

2 Meyi

Kamlomo mlongo wanga,

Kalata yako ya pa 9 Epulo yandipeza ndili bwino, zala zokha ndizo zikuuma. Tikadali m'chinyumba chozizira chija chosungiramo zipatso, tsiku lonse kukankha mabokosi, mpweya ukutuluka mkamwa ngati ukusuta. Envulopu yako inadabwitsa mwininyumba, ankayesa ndaitanidwa kukhoti.

Koma iwe, kafunsidwe kako ngati wapolisi! Mafoni a masiku ano ndi madengu obooka. Ukapereka kokonzetsa, wokonzayo amakopera zonse. Iwe yako sunakonzetse chaka chino? Taganiza bwino. Ine kuno ndakhala ndikudandaula paliponse pamene ndampeza kanemayo kuti amuchotse, koma ukazula mmodzi pamamera khumi. Madzi akatayika saoleka. Limba mtima, anthu sachedwa kuiwala. Mawa wina agwera m'ngalande atavala suti, onse athamangira kumeneko.

Ndipo tinene zoona, Ababa akanakhala moyo woyamba kuseka akanakhala iwowo. Waiwala tsiku limene ndinachedwa kudzuka, anasoka miyendo ya kabudula wanga wa sukulu n'kukhala pakhomo kudikira kuti aone ndikugwa? Nanga mmene ankavutitsira Amayi? Amayi ali kuseri kwa katani akusita, iwo amvekere, "Akapitawo, tabwerani msanga!" Amayi n'kutulukira ali wefuwefu, simbi ili m'manja. Iwo, "Ayi, ndimangofuna ndione ngati mukadali okongola." Kawiri katatu pa sabata, zaka zonse zija. Munthu wotero angakwiye ndi kalipenga?

Ndalemba zonsezi kuti useke, koma ndikuuze china. Dzana pa nthawi ya chakudya mnzanga wina wa kuntchito, wochokera dziko lakutali, amene sitimvana ngakhale liwu limodzi, anandikoka malaya n'kundionetsa foni. Ababa. Pamwamba pali zilembo zopindikapindika zoti sindingawerenge. Anali kuseka mpaka misozi, akumenya tebulo. Ndinaseka naye, Kamlomo. Ndikanatani? Kenako ndinapita kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Uwapatse moni Amayi. Uwauze kuti asamaganize kwambiri.

Mlongo wako

6 Juni

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino, apo ayi ndikanangoyamba.

Foni yanga sinapiteko kwa wokonza chigulireni. Ndinakufunsani funso la inde kapena ayi, inu mwandiyankha ndi kabudula wa sukulu. Kalata ya Amayi munalandira, ndikudziwa, chifukwa yanga inafika. Lachitatu lililonse amavala nsapato zawo zakutchalitchi n'kupita okha ku positi. Akabwerako amangoika simbi pamoto. Masabata asanu ndi limodzi tsopano.

Koma si zimene ndakulemberani. Khalani pansi.

Lolemba kunabwera namwino wina kudzafupikitsa yunifolomu. Ndili pansi ndi mapini mkamwa, ndinaona maso ake akuyendayenda. Akuyang'ana kalendala, makina a Ababa, shelefu ya ulusi. Ndiye akuti, "Ndi muno." Ine, "Muno chiyani?" Akuti, "Kanema wa bambo wa singano uja anajambulidwa muno." Ndinakonzeka kumutukwana, koma nkhope yake sinali yoseka. Anafunsa kuti bambowo ali kuti. Nditamuuza, anatseka maso.

Akuti iwo kuchipatala kanemayo amaonetsa ophunzira. Amazimitsa lipenga n'kuwauza kuti yang'anani mlomo wagwera mbali imodzi, yang'anani chikope, yang'anani dzanja lamanja likulephera kumvera mwini wake. Akuti ija inali sitiroko yaing'ono, imene imabwera kudzagogoda n'kubwerera, yaikulu ili m'njira. Akuti munthu akafika kuchipatala tsiku lomwelo, nthawi zambiri amapulumuka. Kenako anandifunsa, "Munapita nawo?"

Achimwene, tsiku lomwelo patatha ka ola Ababa anali bwinobwino, anasoka madiresi awiri, anadya, anandinena kuti ndine kamlomo. Tinapita nawo kuti? Ine ndinali nditaima patsogolo pawo, mapazi awiri okha, ndikujambula. Bambo anga akudwala m'maso mwanga ine ndikufuna kuti chithunzi chioneke bwino.

Namwinoyo akuyankhula, kuseri kwa katani simbi inasiya kuyenda. Ndinamva fungo la nsalu ikupsa. Malaya a mwini wake, tagula ena.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti ndikudziwa kuti Ababa ankayankhula m'kanema muja. Milomo imayenda, taonani nokha. Koma ndinkaseka kwambiri moti sindikukumbuka liwu ngakhale limodzi. Ndikadutsa pa gulu la anthu atazungulira foni, ndimadikira kalipenga. Ngakhale hutala ya njinga yamoto ikundidzidzimutsa.

Ngati munachita ndinu, nenani. Ngati mukuopa Amayi, opani, koma yankhani.

Kamlomo

29 Juni

Amayi,

Ndagwada polemba kalatayi. Ndikhulupirira miyendo ikupepuka. Jekete ndimavala tsiku lililonse, ndipo anzanga amafunsa kumene ndinagula.

Kalata yanu ndinalandira pa 12 Meyi. Ndinaiwerenga kamodzi n'kuiika pansi pa matiresi, chifukwa ndinadziwa kuti mwandigwira. Munafuna kanema wosadula kuti muone ndi maso anu kuti anali ndi ine ndekha. Musavutike ndi umboni, Amayi. Ndine.

Kamlomo atanditumizira, ndinali pa kampumulo kuntchito, mafiriji akulira, sindinatsegule n'komwe mawu. Ndinangoona nkhope ya Ababa n'kuseka. Tili ndi gulu la pa foni la anyamata ochokera kwathu, timatumizirana zoseketsa kuti tsiku lithe. Kumeneko ine ndinali munthu wosaoneka, zanga palibe ankaseka. Ndinadula kanemayo, ndinaika kalipenga, ndinalemba "Ine kusaka banja." Zonse sizinanditengere mphindi zisanu. Pofika madzulo anali atadumpha mpanda wa gulu lathu. Ndinkadzuka m'mawa kuwerenga anthu amene aseka, zikwi, kenako zikwi makumi, mtima ukukoma ngati ndakwezedwa pantchito. Sindinauze aliyense kuti ndi bambo anga. Poyamba ndinkati ndidzawaonetsa Ababa ndikadzabwera, tidzaseke limodzi. Atamwalira ndinkati zizizira zokha.

Ndinayesa kukankhira mlongo wanga mlandu. Mumuuze kuti ndachita manyazi ndi zimenezo kuposa zonse.

Za namwino wandilembera. Kuchokera tsiku limenelo ndikatseka maso ndimaona dzanja lija. Ine ndi amene ndinali ndi nthawi yoliyang'ana bwino, chifukwa podula ndinabwereza kanemayo kambirimbiri kuti lipenga ligwere pamalo pake. Ndinaona zonse, sindinaone kanthu.

Wosadulayo alipo, m'foni yakale yosweka galasi. Ndamumvetsera. Mulibe chimene mungafune, Amayi. Mukungomveka magalimoto a pamsewu ndi kuseka kwa Kamlomo. Ababa sakunena kanthu. Kukutumizirani kungokhala kukanda pachilonda, ndiye ndaganiza kuti ndisatumize.

Ngati simufuna kundilemberanso, ndimvetsa.

Mwana wanu

22 Julayi

Mwana wanga,

Moni. Miyendo ili chimodzimodzi, siinama ngati anthu.

Zoti unatumiza ndiwe ndinadziwa kalekale. Mawu akuti "kusaka banja" ndi a ndani m'banja muno? Unachimwa, ndipo udzandipeza tidzakambirane maso ndi maso. Koma ine sindine woweruza milandu, ndipo sindinakupemphe umboni. Wakhala miyezi iwiri ukubisala pansi pa matiresi pa mlandu umene sindinakuzenge.

Bodza lachiwirili ndilo landipweteka, ngakhale ndikudziwa kuti walinena pondimvera chisoni. Ukuti bambo ako sakunena kanthu. Mwana iwe, ine ndinali kuseri kwa katani. Katani si khoma.

Anati, "Akapitawo, tabwerani." Ndinali pa kolala ya malaya oyera, simbi itatentha bwino. Anabwerezanso, lilime likulemera, ine n'kumati akuyeserera woledzera kuti mwana aseke. Kachitatu anati, "Akapitawo, dzanja ili si langa." Mlongo wako anali kuseka, ine ndinamwetulira ndekha kuseriko n'kuyankha kuti, "Mwayambatu. Lero simundipeza." Ndinamaliza kolala, ndinayamba manja.

Zaka makumi anayi ndinkathamanga nthawi iliyonse akaitana, ndikudziwa kuti ndi bodza. Tsiku limodzi lokha ndinati ndichenjere.

Ndiye usadzitengere katundu yense, wina ndi wanga. Iwe unali kutali, mlongo wako ndi mwana. Amene ankadziwa mawu a bambo ako akamaseka ndi akamaopa ndi ine.

Anthu a m'mafoni atenga nkhope, asunge, sindingalimbane ndi dziko lonse. Koma mawu aja ankaitana ine, ndi anga. Sindinayankhe bwino. Tumiza kakhadiko.

Amayi ako

14 Ogasiti

Amayi,

Kakhadi kali m'kapepala kamene ndamata pakona. Sindinadule kanthu, sindinaikemo kanthu. Ndi mphindi imodzi ndi masekondi khumi ndi awiri. Akuitana katatu, monga mwanenera.

Kamlomo asamvetsere yekha.

Ndapempha tchuthi cha Disembala. Ndibwera kudzamva zanga.

Mwana wanu

8 Seputembala

Achimwene,

Moni weniweni ulendo uno. Kakhadi kafika Lachitatu. Amayi anabwera nako m'manja atafumbata, chikwama chili paphewa chopanda ntchito.

Sanafune kuonera kunyumba. Anati kushopu, masana, nthawi yomwe ija. Lachinayi titadya anatseka chitseko, anatembenuza kachikwangwani, anavula kiyi m'khosi n'kutsegula dilowa. Foni itayaka inalira ngati yapenga, mauthenga a miyezi isanu, ndipo pakati pake ndinaona nkhope ya Ababa kawiri, yochokera kwa anthu osalakwa. Amayi anati, "Zisiye izo. Ika kathu."

M'dilowa momwemo anatulutsa kansalu kopinda. Munali singano ndi kaulusi kakuda. Kani Ababa atalephera tsiku lija anangozibaya pakansaluko n'kutenga singano ina, ndipo Amayi anazisunga osauza munthu.

Anaimika foni pamakina, moyang'ana kukatani, pamalo pamene mutu wa Ababa unkakhala. Singano anaiika pambali pake. Kenako analowa kuseri, n'kukoka katani. Ndinamva akuika simbi pathebulo. Anati, "Dina."

Achimwene, popanda lipenga lija kanemayo ndi wina. Mukumveka mpweya wawo. Mukumveka ine ndikuseka, kuseka kwakukulu kopusa, ndipo ndinafuna kuzimitsa, koma mawu anatuluka.

"Akapitawo, tabwerani."

Sanadikire kachiwiri. Katani inatseguka. Amayi anatulukira ali wefuwefu, simbi ili m'manja ngati kale, amvekere, "Ndabwera, Atelala. Ndili pano. Chavuta n'chiyani?"

Foni inapitiriza, siidziwa kanthu. Inaitana kachiwiri. Amayi anati, "Ndamva." Inati dzanja ili si langa. Anati, "Bweretsani ndione." Kumbuyo kwa kuseka kwanga kunamveka mawu awo a mu Januwale akuti lero simundipeza, koma iwo anayankhula mokweza kuwaphimba, "Ndabwera, ndati ndabwera."

Kenako inafika mbali imene dziko lonse limaikonda, Ababa akudzutsa mutu. Miyezi yonseyi ndinkati ankayang'ana kamera. Ayi. Maso aja amadutsa paphewa langa. Ankayang'ana katani. Ndipo Lachinayi pamene ankayang'anapo panali pataima Amayi.

Kanema atatha anaika simbi pansi, anatenga singano ija, ananyowetsa ulusi ndi milomo. Unalowa kamodzi. Anamanga mfundo, anaibaya pakansalu n'kuiika patsogolo pa foni. Atatero anandikokera pachifuwa, tinalira mpaka wina anagogoda kufuna siketi yake.

Foni yanga ndayatsa, mukhoza kuimba. Dzulo m'basi kalipenga kanaliranso kumpando wakumbuyo. Sindinatsike. Ndinatembenuka n'kumuuza mnyamatayo kuti awo ndi bambo anga, ndipo akadzaona mlomo wa bambo ake watero asadzajambule, adzathamange nawo.

Za Disembala Amayi amva. Akuti mubwere ndi jekete aone ngati mukuisamala.

Koma china ndikuuzeni, mwina inu mudziwa chochita. Ndinkayesa kuti ndi za tsiku limodzi. Lachisanu titadya anatsekanso chitseko. Loweruka chimodzimodzi. Amachotsa ulusi pasingano, amalowa kuseri kwa katani, n'kunena kuti, "Dina." Ndipo tsiku lililonse amatuluka msanga kuposa dzulo lake. Lero anatulukira Ababa asanaitane n'komwe, n'kuima pamenepo ndi simbi m'manja, kudikira.

Ndine mlongo wanu,
Kamlomo